Lipoti la dandaulo la malikisi a asaimenti ya filimu pa koleji ina ku Chipata

Dandauloli linafika ku ofesi yanga m'chaka cha 2024, ndili mkulu wa dipatimenti ya zautolankhani pa koleji ina muno mu Chipata. Dzina la wophunzira, la mphunzitsi ndi la koleji ndawasiya dala. Ndalemba lipotili chifukwa cha anzanga amene amachonga ntchito m'maphunziro opanda yankho limodzi, kumene mwana akalephera sangathe kuwerengera yekha ngati masamu kuti aone pamene wagwera.

Wodandaula anali mnyamata wa chaka chachiwiri wochokera kumudzi wina ku Chadiza. Fizi yake inkalipidwa ndi basale ya CDF, thumba la chitukuko limene boma la Zambia linalikweza mu 2022 kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa chigawo chilichonse cha phungu, ndipo kuyambira pamenepo makalasi athu anadzaza ana a m'midzi amene kale sakanafika ku koleji. Lendi ndi chakudya ankazipeza yekha. Loweruka ndi Lamlungu amajambula mavidiyo a maukwati, maliro ndi misonkhano ya mipingo, ndipo mu February amapita ku Mtenguleni kukajambula alendo a pa Nc'wala, mwambo wa Angoni. Mantha ake aakulu anali akuti akalephera kosi imodzi, komiti ya basale ikaona zotsatira zake idzamusiya.

Kosi yake inali yosanthula mafilimu, ya temu imodzi, yophunzitsidwa ndi mphunzitsi wolipidwa pa ola. Asaimenti inali ya mawu 1,500 m'Chingerezi pa filimu ya I Am Not a Witch ya Rungano Nyoni, imene inatuluka mu 2017, inaonetsedwa pa chionetsero cha mafilimu cha ku Cannes, ku France, chaka chomwecho ndipo inapata mphoto ya mafilimu ya ku Britain ya BAFTA mu 2018. Kwa amene sanaionere, ndi nkhani ya kamtsikana kotchedwa Shula, kamene kananamiziridwa ufiti n'kukaikidwa pamsasa wa amayi okalamba omangidwa maliboni oyera kumsana kuti asauluke. Akuti akadula liboni asanduka mbuzi. Mkulu wina wa boma, a Banda, amamuyendetsa uku ndi uku n'kumadyerapo, mpaka kukagulitsa mazira pa TV m'dzina lake. Funso linkafuna kuti wophunzira afotokoze mmene wopanga filimuyo wagwiritsira ntchito kamera, nyimbo ndi kalumikizidwe ka zithunzi posonyeza moyo wa amayiwo.

Mnyamatayo anapeza 42 pa 100. Kukhoza kumayambira pa 50. Pa koleji pathu ntchito za mkati mwa temu zimanyamula magawo 40 a malikisi onse ndipo mayeso omaliza amanyamula 60, choncho 42 ameneyu sanali womupha, koma anali atamuika pamphepete.

Zimene ankadandaula

Malamulo athu amati wophunzira ayambe wakambirana ndi mphunzitsi wake, zikakanika alembere mkulu wa dipatimenti. Kukambirana koyambako kunachitikira pakhonde, mphunzitsi akuthamangira kalasi ina, ndipo kunathera m'mawu akuti "ukawerenge zimene ndalemba papepalapo". Usiku wa tsikulo mnyamatayo anatumiza uthenga wa mawu pa gulu la WhatsApp la kalasi, wonena kuti aphunzitsiwo amakondera atsikana ndi anthu a Chingerezi chosalala. Uthengawo unawafika eni ake kusanache. Pamene kalata inkafika kwa ine, nkhani inali itafika kale pa mwana wakana phala.

Atabwera ku ofesi sanapite m'mbali. "Madamu, ine sindikukana kuti Chingerezi changa n'chotsimphina. Koma a Sir andilepheretsa chifukwa ndanyoza filimu yawo ya pamtima. Akanafuna kuti tiitame, akanangotiuza, tikanaitama." Anawonjezera kuti pepala linabwezedwa mochedwa, iye atapereka kale asaimenti yachiwiri yolembedwa m'njira yomweyo, ndiponso kuti palibe amene anawauza kuti malikisi amagawidwa motani.

Za kukondera atsikana ndinazipatula n'kuzitenga poyamba, chifukwa mawu otere sasiyidwa akuyendayenda m'kalasi. Ndinaika malikisi a anyamata ndi a atsikana pambalipambali ndipo sindinaone kusiyana koti munthu n'kukayikira. Mlangizi wa ophunzira anacheza ndi atsikana a m'kalasimo payekhapayekha ndipo panalibe wodandaula. Mnyamatayo anavomera kuti anayankhula ndi mkwiyo, wopanda umboni, ndipo anabweza mawuwo pa gulu lomwelo. Zotsala zonse zinali za pepala.

Pepala lenilenilo

Linali lolembedwa pamanja, masamba asanu. Masamba atatu ndi theka ankangosimba filimuyo kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto, monga mmene munthu amafotokozera mnzake amene sanaonere. Ankasimba bwino ndithu, osadumpha kanthu. Koma mawu akuti kamera anapezeka kamodzi kokha. Nyimbo ya Vivaldi, wopeka nyimbo wakale wa ku Italy, imene imamveka alendo akufika pamsasa sanaitchule. Za mmene zithunzi zadulidwira ndi kulumikizidwa panalibe chiganizo ngakhale chimodzi.

Tsamba lomaliza linali lina. Pamenepo anati filimuyi inapangidwira maso a anthu akunja. Anakumbutsa kuti Nyoni anabadwira ku Lusaka koma anakulira ku Wales, kuti msasa wa mfiti umene anakachitako kafukufuku uli ku Ghana, ndiponso kuti dziko limene linatumiza filimuyi ku mpikisano wa Oscar ndi Britain, osati Zambia. Anati kwawo ku Chadiza munthu wonamiziridwa ufiti saikidwa pamsasa woti alendo azimujambula. Amatengeredwa kubwalo la amfumu, kapena amamuitanira sing'anga, kapena amangomusala mpaka asamuke yekha kusiya munda wake. Anatchulanso lamulo la Witchcraft Act, Chaputala 90 cha malamulo a Zambia, limene lilipo kuyambira 1914 ndipo limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti. Zimenezi sanazipeze m'manotsi a kalasi, anazifufuza yekha.

Tsamba limeneli mphunzitsi analikhwatcha ndi mzere wofiira kuchoka pamwamba mpaka pansi, n'kulemba m'mphepete m'Chingerezi kuti kuno si ku Facebook. Pamasamba enawo panali ndemanga imodzi yobwerezedwa katatu, yakuti wangosimba nkhani, sanasanthule. Kumapeto kunali nambala yozunguliridwa, basi.

Kunena zoona, pa mfundo yaikulu mphunzitsi sanalakwe. Funso linafunsa za luso la kapangidwe, ndipo mnyamatayo sanayankhe zimenezo. Maganizo ake a patsamba lomaliza ndi oti munthu angathe kuwateteza, ndipo si iye yekha amene amafunsa kuti mafilimu a ku Africa olipiridwa ndi ndalama za ku Ulaya amayankhula ndi yani. Koma umboni wake wonse unali wa kunja kwa filimu: kumene wopanga anakulira, kumene ndalama zinachokera, zimene zimachitika ku Chadiza. Sanaloze chithunzi n'chimodzi chomwe n'kunena kuti taonani apa. Sanaonenso kuti maliboniwo ndi nzeru za wopanga filimu, nthano yoseka mowawa, osati kunena kuti ku Zambia kumachitikadi zotero. Komabe mawu a Facebook aja analibe ntchito papepala la mwana. Anagwera pamalo okhawo amene mnyamatayo anaikapo mtima wake, ndipo m'posadabwitsa kuti iye anawerenga mzere wofiirawo ngati chilango cha maganizo ake.

Kuchonga kachiwiri

Tinajambula pepalalo, tinabisa dzina, malikisi ndi ndemanga zonse, n'kulitumiza kwa mphunzitsi wa pa koleji ina amene sadziwa aliyense mwa awiriwa. Pamodzi nalo ndinatumiza mapepala ena a m'kalasi yomweyo, a pamwamba, a pakati ndi a pansi, nawonso obisidwa mayina. Ndimalimbikira zimenezi nthawi zonse. Pepala limodzi likachongedwanso palokha limangokuuza ngati anthu awiri agwirizana pa mwana mmodzi. Silikuuza ngati muyeso unali umodzi kwa kalasi yonse, ndipo funso la wodandaula nthawi zambiri limakhala limenelo.

Wochonga wachiwiri anapatsa mnyamatayo 47. Kusiyana kwa malikisi asanu pa nkhani yolemba n'kwachizolowezi. Chimene chinandikhazika pansi ndi mapepala awiri a pakati. Mphunzitsi wathu anawapatsa 56 ndi 58, wochonga wachiwiri anawapatsa 48 ndi 50. Nditawawerenga ndinapeza kuti nawonso ankangosimba filimuyo kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto. Analibe maganizo awoawo, analibe kafukufuku. Chimene anali nacho ndi Chingerezi choyera, ndime zoduka bwino, ndi mawu awiri kapena atatu a m'manotsi oponyedwa m'chiganizo choyamba popanda chitsanzo. Anali otayipidwa pa kompyuta.

Ndinapempha ndondomeko yogawira malikisi. Inalipo, mu laputopu ya mphunzitsi, ndipo inali yabwino: 40 pa kusanthula luso la kapangidwe, 25 pa mfundo ndi kayendetsedwe kake, 15 pa umboni wochokera m'filimu ndi m'mabuku, 10 pa kasanjidwe, 10 pa chiyankhulo. Papepala, Chingerezi chinali ndi malikisi khumi okha. M'kachongedwe chinkalemera kuposa pamenepo, chifukwa pepala losalala limamutenga wochonga wotopa n'kumuchititsa kuona kusanthula pamene palibe, ndipo pepala la pamanja la ziganizo zopindika limamutopetsa asanafike pa tsamba lachisanu. Sindikhulupirira kuti anachita dala. Ankaika nambala imodzi kumapeto osadzaza zigawo zisanuzo, ndipo nambala yobadwa motero imatsata mmene pepala lamukomera munthu.

Ophunzira sanaionepo ndondomekoyi. Mphunzitsi anati anaifotokoza pakamwa tsiku loyamba. Woimira kalasi anati akukumbukira kuti ananenadi zina zotero, koma palibe anazilemba.

Panalinso nkhani ya kaonedwe ka filimuyo. Chaka chimenecho n'chimene boma linalengeza pa 29 February kuti chilala chafika pa ngozi ya dziko, madzi ku Kariba anatsika, ndipo magetsi ankasowa maola ambiri pa tsiku. Kalasi inaonera filimuyo kamodzi pa projekita ndipo magetsi anazima isanathe. Mbali yotsala anaimalizira pa laputopu imodzi, anthu ataunjikana. Amene anali ndi makompyuta ndi ndalama za mabandulo anaipeza n'kuioneranso. Enawo analemba zimene anakumbukira. Munthu akaonera filimu kamodzi, chimene chimatsala m'mutu ndi nkhani yake. Kuti aone pamene kamera yaima, kutalika kwa shoti (kachigawo kojambulidwa kamera osaidula), kapena nthawi imene nyimbo yalowera, ayenera kuimitsa, kubweza, kuonanso. Tinawafunsa ntchito yofuna kubweza, anthu amene analibe chobwezera.

Kukumana

Tinakhala anayi: ine, mphunzitsi, mnyamatayo ndi woimira kalasi. Mphunzitsi anayamba ndi kudandaula kwake, ndipo kunali komveka. Amaphunzitsa makosi atatu, mapepala amapitirira zana, malipiro ake ndi a maola oima m'kalasi okha, kuchonga amachitira kunyumba usiku, ndipo chaka chimenecho nthawi zina ankawunikira ndi tochi ya foni. Anati madandaulo otere akazolowereka, aliyense wolephera azithamangira ku ofesi. Koma chimene chinawapweteka koposa chinali uthenga wa pa WhatsApp uja.

Sindinafune kuti tiyambe kukangana za nambala. Ndinatsegula mphindi zoyambirira za filimuyo pa laputopu n'kuuza mnyamatayo kuti ayiwale za asaimenti, ayankhule m'Chichewa ngati akudzudzula ntchito ya mnzake wojambula. Anaonera mwakachetechete, kenaka anapempha kuti ndibweze. Ulendo wachiwiri anaimitsa yekha, chala chili pa sikirini.

"Taonani, Madamu. Ife tafika pamsasa pano ndi alendo, osati ndi agogowa. Agogo tikuwaona kuseri kwa mpanda, ali chikhalire, ife ndife oyenda. Nyimbo yomwe ikulirayi si yawo, ndi ya ku Ulaya. Ine ndikamajambula ukwati, kamera imaima kumbali ya amene andilipira. Akalipira akuchimuna, nkhope za pafupi zimakhala za akuchimuna, akuchikazi amaoneka patali ngati gulu. Sindichita kuuzidwa, dzanja limapita lokha. Ndiye apa ndikufunsa kuti kamera iyi yaima kwa yani."

Mphunzitsi anakhala kaye chete, kenaka anayankha ngati akuyankha mnzake. Anati n'zoona kamera yafika ndi alendo, koma n'cholinga: woonera achite manyazi podzipeza ali m'gulu la ojambula anthu ngati nyama za ku Luangwa, ndipo nyimbo ya Vivaldi ikuseka alendowo, osati agogo. Mnyamatayo anati manyaziwo amagwira woonera wa ku London, koma wa ku Chadiza amangoona agogo ake kuseri kwa mpanda kachiwiri. Anapitiriza choncho kwa kanthawi, akubweza ndi kuimitsa, ine ndi woimira kalasi titasanduka oonerera. Pomaliza mphunzitsi anafunsa: "Nanga iwe, zimenezi sunazilembe bwanji? Ndi zimene ndimafuna papepala." Yankho linali lakuti, "Ndimayesa izi ndi zokamba za ku studio, Sir, osati za m'buku. Kusekondale amatiuza kuti ukafunsidwa za buku, sonyeza kuti waliwerenga lonse."

Mnyamata ameneyu amadziwa kusanthula chithunzi kuposa ambiri m'kalasi mwake, chifukwa ndi ntchito imene imamudyetsa. Ndemanga yakuti sanasanthule, yobwerezedwa katatu, sinamuuze kuti chinthu chimene akufunsidwa ndi chimene amachita Loweruka lililonse. Mzere umodzi ukanakwanira: sankha shoti imodzi, unene pamene kamera yaima, unene chifukwa chake zikukuvuta.

Mphunzitsi anapepesa pa mawu a Facebook aja pamaso pa woimira kalasi. Mnyamatayo anapepesanso pa uthenga wake. Sindinganene kuti anatuluka ali mabwenzi.

Chigamulo

Malamulo athu amati ochonga awiri akasiyana ndi malikisi osafika khumi, timatenga a pakati. Mnyamatayo anachoka pa 42 kufika pa 45, ndipo anakhalabe wolephera asaimentiyo. Anakhumudwa, chifukwa atatha kuyankhula bwino chotero ankayembekeza kuti ndimukwezera pomwepo. Ganizo limenelo linandifikira, ndinalikana. Anzake amene analephera osadandaula sanapatsidwe mpata woyankhula pa laputopu yanga, ndipo sindikanafuna kuti malikisi azipita kwa olimba mtima okha ogogoda pa ofesi.

Mapepala awiri aja sitinawatsitse. Eni ake sanalakwe kanthu, ndipo lamulo silitilola kutsitsa malikisi a munthu chifukwa cha dandaulo la wina. Koma popeza zinaonekeratu kuti muyeso sunali umodzi ndipo sunaperekedwe kwa ophunzira, tinatsegula mwayi kwa kalasi yonse. Aliyense analandira ndondomeko ya malikisi yosindikizidwa. Filimuyo inaikidwa pa makompyuta a mu laibulale, nthawi imene jenereta imayaka. Wofuna anali ndi ufulu wolemba mawu 800 pa chigawo chimodzi chokha cha filimu chimene wasankha, ndipo pa malikisi awiriwo tinkatenga apamwamba. Mapepala atsopanowa anali ndi manambala a ophunzira m'malo mwa mayina, ndipo mphunzitsi ankadzaza zigawo zisanu zija chilichonse pachokha asanawonkhetse.

Mnyamatayo analemba za mphindi zoyambirira zomwe zija. Maganizo ake sanawasinthe ngakhale pang'ono, anangowamangirira pa zimene zikuoneka ndi kumveka. Anapeza 61, ndipo pa chigawo cha chiyankhulo anapeza 4 pa 10. M'mphepete mphunzitsi analemba ndime yathunthu yomutsutsa, n'kumalizira kuti mfundo yake yaima ngakhale iwo sakugwirizana nayo. Kosi yonse anaikhoza, mosapitirira kwambiri. Si onse olembanso amene anakwera. Ena anasimbanso nkhani, ya chigawo chimodzi m'malo mwa filimu yonse. Mmodzi mwa a Chingerezi chosalala aja sanalembenso, anakhutira ndi 58 wake.

Zimene sizinathe

Ndinapereka ku komiti ya maphunziro ganizo lakuti kosi imeneyi ikhale ndi gawo laling'ono la pakamwa, wophunzira aime pa sikirini afotokoze chigawo chimodzi, m'Chingerezi kapena m'Chichewa. Gawo la pakamwa analivomera. Za chiyankhulo anakana, ndipo zifukwa zawo sizinali zopanda nzeru: m'kalasi muli Atumbuka a ku Lundazi, Ansenga a ku Petauke ndi ena ochokera ku Copperbelt, woyesa wa kunja kwa koleji sangamve zilankhulo zonsezi, ndipo ntchito zimene ambiri akufuna m'manyuzipepala n'za Chingerezi. Ine ndinawakumbutsa kuti mawayilesi a kuno kwathu, monga Breeze FM ndi Radio Maria, amaulutsa kwambiri m'Chinyanja ndipo ana athu ambiri adzagwira ntchito kumeneko. Tinasiyana pamenepo, ndipo ndidzaibweretsanso.

Nthawi yobwezera mapepala tsopano inalembedwa: asaimenti yoyamba ibwezedwe yachiwiri isanaperekedwe. Pempho lakuti aphunzitsi a pa ola azilipidwanso nthawi yochonga linapita ku ofesi ya zachuma ndipo silinayankhidwe. Popanda zimenezo, ndikupempha munthu kuti alembe ndime ya ndemanga pa mapepala opitirira zana mwaulere, ndipo mphunzitsiyo anandiuza zimenezi pamaso.

Mnyamatayo, mpaka tsiku limene anabwera kudzasainitsa fomu ya basale ya chaka chachitatu, ankanenabe kuti 42 uja anachokera m'kaduka. Ndinamuonetsanso 47 wa munthu amene samudziwa. Anati ameneyonso ayenera kuti amaikonda filimuyo.